Andiitana kukaimba ngati mlendo pa bala ya kutauni yaying'ono, ndikonzekere bwanji?

Kamgitala: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru zanu akuluakulu. Pali bandi ina imaimba Loweruka lililonse pa bala ina kutauni yaying'ono, kutali ndithu ndi komwe ndimakhala, nde mtsogoleri wawo anandimvapo ndikuimba penapake, wandiimbira foni kuti ndikakwere nawo siteji ngati mlendo, akuti nyimbo zingapo basi. Vuto ndi loti sitinayesezepo limodzi, sindikudziwa ma kiyi awo, sindikudziwa ngati ndinyamule ampu yanga kapena ndikagwiritse yawo, za ndalama nazo sitinakambe chilichonse. Inu amene mwayendayenda m'mabala otere ndiyambire pati?

Madala a Besi: Mwana wanga, choyamba imba foni lero lomwe, usadikire Lachisanu. Funsa nyimbo zake ndi ziti, akutumizire ma audio a mmene IWO amaimbira osati za pa rekodi, chifukwa bandi ya pa bala iliyonse ili ndi kaimbidwe kake, ena amadula vesi, ena amabwereza kolasi kanayi chifukwa anthu akuvina, ena anasintha kiyi kalekale kuti woimba wawo azifikira. Ukaphunzira za pa rekodi zokha ukafika pamenepo uli pa G iwo ali pa B flat, ndipo ukazindikira nyimbo itayamba kale.

Chachiwiri ndikufuna uchigwire bwino. Iwe ukaimba usiku umodzi n'kubwerera kwanu. Anzakowo atsala, sabata yamawa akwera siteji yomweyo, pamaso pa anthu omwewo, pansi pa mwini bala yemweyo. Kutauni yaying'ono aliyense amadziwana, ukakweza ampu mpaka mwini malo kukwiya, kapena ukayankha mwano kasitomala amene amamwa pamenepo tsiku ndi tsiku, iwe sukamva kanthu, mlandu wonse ugwera amene anakuitana.

DramuBoy: Madala anena zonse koma ine ndiwonjeze: funsa ngati amachuna magitala awo pa standard kapena anatsitsa theka. Mabandi ambiri oimba maola ambiri amatsitsa zingwe zonse kufika pa E flat kuti mmero wa woimba usatope. Iwe ukabwera ndi E A D G B E yako ya standard, ukuona zala za mnzako zili pa G nawe ugwira G, zikutuluka zosiyana, anthu akuyang'ana iwe

Kamgitala: Eee izi sindinaziganizire ndithu. Zikomo amwene

Solo King: Aise osamuopseza mwanayu kkk. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anamuitana chifukwa ali ndi china chake chomwe iwo alibe. Iwe pita ukawotche siteji, solo yako ikhale yoti mawa lake tauni yonse izikamba za iwe. Mpata ngati uwu subwera kawiri, ukapita kukabisala kumbuyo kwa dramu ndani akakuitanenso?

Chemwali wa Maiki: @Solo King achimwene apa nde sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono. Ine ndakhala woimba wa bandi ya pamalo zaka zambiri ndipo alendo agitala ndawaona amitundu yonse. Amene timawaitananso si amene anawotcha ayi, ndi amene ankamvetsera. Pali mlendo wina anakwera, munthu waluso zedi palibe angatsutse, koma ine ndikuimba vesi iye akuthamangitsa zala pamwamba pa mawu anga, ndikapuma mpweya iye ali mkati, ndikayambanso iye sakusiya. Anthu kutsogolo anasiya kuvina n'kumangoyang'ana, mayi wina amene amabwera sabata iliyonse kudzaimba nane kolasi anakhala pansi. Titatsika anyamata a bandi palibe analankhula kanthu, anangomugwira chanza, koma dzina lake silinatchulidwenso.

Solo yako idzabwera, mtsogoleri akakugwedezera mutu. Pamenepo onetsa zonse, kuzungulira kamodzi kapena kawiri, kenako muyang'ane woimba umubwezere nyimbo yake. Kwina konseko imba pang'ono, lowa pomwe woimba wasiya mpata.

Solo King: Chemwali ndakumvani koma nanga munthu ayende ulendo wonsewo kukangokanda ma chord atatu? Nde angokhala kunyumba bwanji

Madala a Besi: Ma chord atatu okandidwa pa nthawi yake ndi amene amavinitsa bala, mphwanga. Ndipo palibe wanena kuti abisale. Tikunena kuti adikire nthawi yake.

Wa Mikisa: Ndilowe ine wa zingwe. Kamgitala mvera, nkhani ya ampu. Funsa ngati ali ndi ya mlendo. Ngati palibe nyamula yako koma yaying'ono ikukwana, ma watts 15 kapena 20 a valve m'chipinda cha bala ndi ambiri kale. Anthu amaganiza kuti ampu ya ma watts 100 ikulira kawiri kuposa ya 50, ayi, kuwirikiza mphamvu kumangowonjezera ma decibel 3 basi, koma msana wako nde umva kusiyanako.

Chomwe chimandivutitsa kwambiri ndi alendo ndi ichi: amaika ampu pansi kumbuyo kwa miyendo yawo, sipika ikuloza m'mawondo. Mawu akuthwa a gitala amayenda molunjika, nde iwe wayimirira pamwamba sukuwamva, ukuona ngati uli pansi, ukukweza, pomwe anthu okhala pa tebulo loyamba akuboola makutu. Ikweze pa mpando kapena ipendeketse iloze kumutu kwako, uona wekha ukutsitsa volume popanda wokuuza.

Ngati gitala yako ndi acoustic yokhala ndi pickup, nyamula DI box yako, kabokosi kolumikizira gitala ku mikisa, usadalire kuti ikapezeka. Chingwe cha jack chikatalika kupitirira mamita 6 chimayamba kutola phokoso ndi kudya mawu akuthwa, DI imasandutsa kukhala XLR (chingwe ngati cha maiki) yomwe itha kuyenda mtunda wautali mpaka pa mikisa bwinobwino. Batire ya 9V ya mu gitala ika yatsopano, ndipo ukamapuma zula chingwe chifukwa chikakhala cholowetsa batire imangodyeka. Koma uzule ine nditatseka channel yako, apo ayi sipika ziphulika phokoso.

Kamgitala: Yanga ndi ya magetsi bwana, ndili ndi ka ampu ka combo kakang'ono ndi ma pedal atatu

Wa Mikisa: Bho. Nde nyamula extension yako, zingwe za jack ziwiri zapadera, ndi tuner yomwe imatseka mawu ukamachuna. Palibe chonyansa ngati mlendo akuchuna mokweza pakati pa nyimbo ziwiri. Kutauni yaying'ono usiku palibe komwe ungagule chingwe cha gitala chikaduka, nde seti yapadera ikhale m'chikwama. Ndipo zingwe zatsopano usaike tsiku lomwelo, zimatamuka, ika masiku angapo m'mbuyo uziimbire zikhazikike.

Walipenga: Ine ndimaimba tenor sax ndipo moyo wanga wonse ndakhala mlendo pa masiteji a eni ake, palibe bandi ya pa bala imalemba wa sax ganyu yokhazikika. Nkhani ya kiyi kwa ife nde ndi yaikulu kuposa inu agitala. Tenor ili mu B flat, mukati tili pa C ine ndikuimba D. Mukati E, kiyi yomwe agitala mumaikonda kwambiri, ine ndili pa F sharp, wa alto ali pa C sharp. Nde ndinaphunzira kusafunsa mayina a ma chord, ndimafunsa manambala. Wabesi akandiuza kuti kiyi ndi G, nyimbo ikuyenda 1, 4, 5 kenako 6 pa bridge, basi ndamva, G C D ndi E minor kwa iwo, ine ndisintha ndekha m'mutu. Woimba akati titsitse tipite pa D manambala ndi omwewo. Kaŵerengedwe aka anakakhazikitsa ndi oimba a m'ma studio a ku Nashville kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Neal Matthews Jr. ndi amene amatchulidwa kuti anayambitsa, cholinga chinali chomwechi, anthu oti sanayesezepo limodzi azitha kuimba nyimbo nthawi yomweyo. Kamgitala ukadziwa izi wabesi atha kumakuwonetsa ndi zala nyimbo ili mkati.

DramuBoy: Zoona izi. Ndipo ima pomwe ukuona dzanja lamanzere la wabesi ndi phazi langa. Osati kutsogolo kwenikweni utatipatsa msana. Zizindikiro zonse zimachokera kumbuyo kuno, mtsogoleri akakweza khosi la gitala kapena chibakera nde kuti tikutseka, akazunguliza chala tikubwereza, akagwira pamutu tikubwerera koyambirira. Mlendo amene watseka maso akumva kukoma yekha amapitiriza ife titaima kale

Kamgitala: Nanga akatchula kiyi yomwe sindinazolowere ngati B flat ija madala anena?

Chemwali wa Maiki: Capo, kachida kopanira zingwe pa khosi la gitala kuti kiyi ikwere, ilipo chifukwa cha zimenezo achimwene, palibe manyazi. Capo pa fret 3 ugwire ngati G, ndi B flat imeneyo. Ine bola mlendo wa capo amene akulira bwino kusiyana ndi wokana capo akuphonya ma chord

Solo King: Capo ndi ya ana asukulu

Madala a Besi: Anthu akumwa mowa wawo safunsa kuti pa khosi la gitala pali chani.

Mayi Mwinibala: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndilankhule ngati wa mbali inayo. Ine ndili ndi bala ndipo ndimalemba bandi. Oimba ambiri sadziwa mmene ife timaonera usiku. Ine sindimvetsera ngati solo yalowa bwino, ine ndimayang'ana ngati anthu akhala kapena akutuluka, ngati wogulitsa pa kauntala akumva zomwe kasitomala akuitanitsa, ngati aneba abwera kudzadandaula mawa. Tauni yaying'ono nyumba za anthu zili pafupi, ndipo amene akudandaulayo ndi munthu woti ndikumana naye m'mawa panjira, mwinanso ndi m'bale wa kasitomala wanga wamkulu. Nthawi yotsekera ili pa laisensi yanga, ndikanena kuti nyimbo yomaliza ndi yomaliza ndithu, mlendo asatenge maiki n'kufunsa anthu kuti mukufuna ina? Chifukwa anthu akuti eee, ine nde ndisanduka woipa.

Ndipo mwana wanga ukafika, pita kaye ukapereke moni kwa mwini malo ndi ogwira ntchito. Zimaoneka zazing'ono koma timakumbuka. Ena amangolowa ndi zikwama n'kusuntha matebulo osafunsa.

Za ndalama ndinene mosabisa: ine ndimagwirizana ndi mtsogoleri wa bandi mtengo umodzi. Akabweretsa mlendo ndi nkhani yake, ine sindiwonjezera pokhapokha titakambirana kale. Nde usabwere kwa ine usiku pakutha kudzafunsa envelopu yako, ine sindikudziwa. Kamba ndi amene anakuitana, kusanafike tsikulo.

Kamgitala: Zikomo mayi. Nde ndifunse bwanji osaoneka ngati ndine wokonda ndalama? Munthu wandichitira ulemu pondiitana

Madala a Besi: Funsa mwachindunji ndi mwaulemu. Akulu, ndine wokondwa kubwera, kodi za mayendedwe ndi kogona zili bwanji, ndipo pali kangachepe kapena ndi zongothandizana? Basi. Akati palibe ndalama iwe usankhe wekha ndi maso otsegula, palibe cholakwika kuimba ulere ngati wafuna wekha. Choipa ndi kupita uli ndi chiyembekezo mumtima, iwo akuganiza kuti wabwera kudzasangalala, pakutha aliyense wakhumudwa ndipo palibe akulankhula. Ubale wambiri wa oimba unathera pa nkhani yoti palibe anafunsa.

Walipenga: Apa madala ndisiyana nanu pang'ono. Kuimba ulere kuli ndi vuto lomwe silikhudza iwe wekha. Mwini malo akazolowera kuti kumabwera alendo aluso osalipidwa, mawa ayamba kufunsa bandi ya pamalo kuti nanga inu ndikulipireni chifukwa chani. Ine lamulo langa ndi loti nyimbo ziwiri zitatu ngati mlendo, chabwino, ndi ubale umenewo. Koma ngati dzina langa laikidwa pa poster, kapena ndikuimba seti yonse, imeneyo ndi ntchito, ilipidwe. Ndipo ndalama ya mayendedwe isachoke m'thumba mwanga zivute zitani. Mawu oti ukadziwika ndawamva kokwanira, bango la sax limagulidwa ndi ndalama.

Mayi Mwinibala: Bambo a lipenga mukunena zoona, ndipo eni mabala ena amachitadi zimenezo, sindiwaikira kumbuyo. Koma dziwaninso kuti bala ya kutauni yaying'ono usiku wina imagulitsa zochepa moti bandi ikalipidwa ine ndatsala ndi zero. Sikuti tonse ndife akuba. Chomwe ndimakana ine ndi kulipira oimba ndi mowa, ndinaona mmene zimathera, seti yachitatu woimba sakukumbuka mawu

Chemwali wa Maiki: Mayi mwakhudza penipeni. Kamgitala, kumeneko anthu akakukonda ayamba kukugulira, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Landira, thokoza, nena kuti ndimwa ndikatsika, kapena pempha chozizira. Usaike botolo pamwamba pa ampu, besi ikagunda limayenda lokha mpaka kugwera mkati. Ndipo padzabwera munthu, nthawi zonse amakhalapo, waledzera, akufuna nyimbo yake, akukukoka malaya uli mkati moimba, mwina akufuna maiki aimbe yekha. Iwe ndiwe mlendo, usamukankhe, usamunyoze pa maiki. Mwetulira umulozere kwa mtsogoleri. A bandi amamudziwa, amadziwa ngati ndi wongosangalala kapena wovuta, mwina ndi amene amawathandiza kunyamula sipika sabata iliyonse.

Kwa atsikana amene muli pagulu pano ndiwonjeze, chifukwa ife zimatikhudza mosiyana: musapite nokha kumalo komwe simukudziwa, dziwani mubwerera bwanji musananyamuke, ndipo kogona kakhale kodziwika masana, osati kuyamba kufunsa 1 koloko usiku pomwe aliyense waledzera. Ndimanena izi mobwereza chifukwa ndaona ana aluso akusiya kuimba chifukwa cha usiku umodzi woipa.

DramuBoy: Ngakhale kwa amuna chemwali, tauni yaying'ono ikangokwana nthawi ina palibe galimoto, uli ndi ampu pamutu pamsewu wamdima

Wa Mikisa: Pali nkhani ina palibe waitchula ndipo ndi yomwe imandisowetsa tulo: magetsi. Mabala ambiri ang'onoang'ono waya wake sanapangidwire bandi, soketi imodzi yomweyo ikudyetsa furiji, TV, mikisa ndi ma ampu onse. Furiji ikayaka mumva phokoso mu sipika, zimenezo n'zongosowetsa mtendere. Choopsa ndi earth. Ampu ikamalira hum anthu ena amathyola kapena kumata phini ya earth pa pulagi kuti phokoso lithe, chonde chonde musachite zimenezo. Zingwe za gitala ya magetsi ndi zolumikizidwa ku chassis ya ampu, nde ngati pali fault, dzanja lili pa zingwe milomo yakhudza maiki, magetsi adutsa mwa iwe. Si nthano, Leslie Harvey wa bandi ya Stone the Crows anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki yopanda earth, anali ndi zaka 27 zokha. Ka socket tester ndi kakang'ono kolowa m'thumba, ndipo RCD ya 30 mA yolowetsa pa pulagi imadula magetsi mwachangu pakakhala vuto. Ngati maiki ikukuluma milomo ngakhale pang'ono, imani, musati tipirire. Hum ya pa DI imachotsedwa ndi ka switch ka ground lift komwe kali pa DI pomwepo, osati pa pulagi ya kukhoma. Pansi pakakhala ponyowa ndi mowa wotayika nde samalani kawiri, osaimba opanda nsapato.

Madala a Besi: Izi aliyense awerenge kawiri.

Solo King: Apa nde palibe kutsutsa bwana, ine inandilumapo maiki pa bala ina mlomo unachita dzanzi mpaka mawa lake, tinapeza extension ya pamalopo inali ndi waya ziwiri zokha mkati

Kamgitala: Ndabwerera, ndawaimbira. Akuti nyimbo zitatu mu seti yachiwiri, atumiza ma audio usiku uno. @DramuBoy munalondola, amatsitsadi theka. Mayendedwe andibwezera, kogona ndi kwa wa kiyibodi wawo, ndalama akuti tikaona mmene usiku wayendera. Saundi cheki ndi 5 koloko. Koma akuti ndikonzekerenso nyimbo imodzi yanga yoti ndikatsogolere ndekha, nde apa ndasokonezeka, ndili ndi nyimbo zanga zopeka ndekha zomwe ndimazikonda koma palibe akuzidziwa

Walipenga: Tikaona mmene usiku wayendera tanthauzo lake ukonzekere kuti palibe. Koma mayendedwe ndi kogona zilipo, kwa nyimbo zitatu zili bwino.

Chemwali wa Maiki: Nyimbo yako yopeka ine ndingati iimbe, koma sankha yophweka, ma chord atatu kapena anayi ozungulira, yoti bandi itha kuigwira pa saundi cheki mphindi zisanu. Osati ija ili ndi ma break asanu ndi kusintha kiyi pakati, ukachititsa manyazi anzako pamaso pa anthu awo. Atumizire audio lero ndi manambala aja. Ndipo pempha kuti ikhale pakati pa nyimbo ziwiri zodziwika, anthu akhale atatenthedwa kale, ikatha yako abwerere ku yomwe amaidziwa.

Mayi Mwinibala: Ine ngati mwini malo ndinganene kuti ayi, imba yodziwika. Makasitomala anga akamva nyimbo yachilendo amapita panja kukasuta kapena kuyamba kucheza, floor imakhala mbee, ndipo kuwabweza pamafunika nyimbo ziwiri. Pepani koma ndi zomwe ndimaona

Chemwali wa Maiki: Mayi nde nyimbo zatsopano zidzamveka kuti? Nyimbo iliyonse yomwe makasitomala anu amaikonda lero inali yachilendo tsiku lina. Mphindi zinayi pa usiku wonse si zambiri

Mayi Mwinibala: Ikhale yovinika basi, ndipo asayambe ndi kufotokoza mbiri ya nyimboyo mphindi zitatu pa maiki. Anene dzina lake, athokoze bandi, ayambe.

Madala a Besi: Pamenepo mwagwirizana osadziwa. Ine ndiwonjeze kuti mtsogoleri ndi amene amawadziwa anthu ake. Mutumizire ziwiri, yako ndi yodziwika, asankhe iye. Ndipo pa saundi cheki fika nthawi isanakwane, thandiza kunyamula, ukapatsidwa mpata woyesa gitala yesa pa volume yomwe ukaimbire, osati pansi kenako usiku n'kukweza. Dziwanso kuti chipinda chopanda anthu chimalira mosiyana, makoma ndi simenti zimabweza mawu, anthu akadzaza matupi amameza mawu akuthwa, nde wa mikisa akasintha zinthu usiku usadabwe ndipo usathamangire ku ampu yako.

Wa Mikisa: Madala mundilembe ntchito kkk mwanena zanga zonse. Poti ukatsogolera nyimbo nde kuti ukaimba pa maiki. Mwina ikakhala SM58 kapena yofanana nayo, kampani ya Shure inaitulutsa mu 1966 ndipo mpaka lero ili pafupifupi pa siteji iliyonse. Ndi dynamic, siifuna magetsi a 48V ochokera ku mikisa. Imamva kutsogolo, kumbuyo imakana, nde kumbuyo kwake kuloze ku monita, sipika yoloza kwa oimba ija. Usaigwire pamutu kuphimba ka nsengwa kaja ngati mmene amachitira ena pa TV, ukatseka mabowo akumbuyo imayamba kumva mbali zonse, kulira kwa feedback kumayambira pamenepo, kenako aliyense akuyang'ana ine. Milomo pafupi, zala ziwiri kuchokera pa maiki. Ikayamba kulira usaiphimbe ndi dzanja, nde ukuwonjezera, ingoichotsa kutsogolo kwa sipika.

Ndi makutu ako. Siteji za m'mabala ndi zopanikiza, mwina ukaima khutu lili pafupi ndi cymbal. Malinga ndi NIOSH, bungwe la ku America loona za thanzi pa ntchito, ma decibel 85 malire ndi maola 8, ukawonjezera 3 nthawi imadulidwa pakati, pofika 100 ndi mphindi 15 zokha. Pafupi ndi dramu umafika pamenepo mosavuta. Tima earplug ta oimba tiike m'thumba la gitala tizikhala momwemo.

DramuBoy: Cymbal yanga ilibe mlandu, siteji ndi yomwe ili yaying'ono. Koma zoona valani

Solo King: Chabwino mwandigonjetsa pa zambiri koma chimodzi sindisintha: akakupatsa solo usachite manyazi. Ndaonapo alendo ena aulemu kwambiri mpaka mtsogoleri akugwedeza mutu katatu iwo akungoyang'ana pansi, nazonso zimakhumudwitsa, munthu anakuitana kuti anthu ake amve china chatsopano. Ponda pedal, pita kutsogolo sitepe imodzi, imba ngati ukutanthauza

Chemwali wa Maiki: Apa nde tili limodzi achimwene. Ndipo zitatu zikatha atsike yekha asadikire kuuzidwa, akamufuna amuitananso mu seti yomaliza. Akatsika asapite panja kukaimba foni, akhale kutsogolo awombere m'manja anzake, anthu amaona zimenezo.

Kamgitala: Ma audio afika. Ajambula pa foni koma zikumveka. Chinanso andiuza kuti alibe monita ngakhale imodzi, sipika ziwiri zoloza kwa anthu basi, mawu okha ndi kiyibodi nde zimadutsa mu mikisa. Nde ndikazimva bwanji ndikamaimba nyimbo yanga ija?

Wa Mikisa: Zimachitika kwambiri, usade nkhawa. Ima chakumbali pafupi ndi sipika imodzi, kumbuyo kwake pang'ono osati kutsogolo, umva zokwanira kuchokera m'mbali ndi zobwerera kukhoma. Ena amapotoza sipika imodzi pang'ono kuloza mkati koma pamenepo feedback ili pafupi, asiyire eni ake aone. Chachikulu ndi choti siteji ikhale yotsika, ampu yako ikakwera mawu ako omwe nde sukawamva. Earplug imodzi kapena zonse ziwiri zimathandizanso kumva mawu ako m'mutu. Combo yako ili ndi line out?

Kamgitala: Ilibe, ili ndi ya headphone yokha

Wa Mikisa: Nde isiye choncho, ya headphone imatseka sipika pa ma combo ambiri. Chipinda chaching'ono ampu yokha ikwana. Uwafunse ngati kuli mpando kapena crate yoikapo, ndipo ikhale mbali ya wa dramu kuti naye azikumva.

DramuBoy: Mbali ya hi-hat, osati ya floor tom. Ndipo umuuze tempo ya nyimbo yako pa saundi cheki, muwombere m'manja kapena muimbire kolasi, awerenge ndi iye osati iwe, ukakhala ndi mantha uyamba mothamanga